Maola Amene Kochi Sawaona

Pa 27 Seputembala 2015, mpikisano wa marathon wa mumzinda wa Berlin ku Germany usanafike n'komwe pakati, oonerera anayamba kulozerana kumapazi a katswiri wina wa ku Kenya. Tizikopa tofewa tomwe amayala m'kati mwa nsapato tinali titasololoka n'kutulukira cha kuchidendene, ndipo akamaponda tinkakupiza ngati makutu a kalulu. Kutsogolo kunali kudakali mtunda wautali wa msewu wa tala. Aliyense amene anayendapo ulendo ndi nsapato yoluma akudziwa zomwe zimatsatira: phazi limaterereka, khungu limatentha, matuza amatuluka kenako n'kuphulika.

Eliud Kipchoge sanaime. Kuti akonze nsapatozo anayenera kuwerama, kumasula zingwe ndi kuonerera gulu lotsogola likumusiya. Anapitiriza pa liwiro lomwe anakonzekera, anawataya anzake onse mmodzimmodzi, ndipo anamaliza makilomita 42.195 m'maola 2 ndi mphindi 4 ndendende, mapazi ali zilonda zokhazokha. Anali asanathamangepo mwachangu choncho, ndipo anangoperewera masekondi 63 kuti afike pa rekodi ya dziko lonse ya nthawiyo, yomwe inali ya Dennis Kimetto.

Munthu sadzuka tsiku la mpikisano n'kukhala ndi mutu wozizira chotere. Katswiri wa masewera amakhala pamaso pa kochi wake maola atatu kapena anayi patsiku. Maola 20 otsalawo ndi akeake: agona nthawi yanji, adya chiyani, acheza ndi ndani, ndalama zomwe wapata achita nazo chiyani, bondo likayamba kuwawa aulula kapena abisa. Palibe mluzu womwe umalira pa zinthu zimenezi, palibenso wozijambula. Komatu ambiri mwa anyamata ndi atsikana a luso omwe amawala chaka chimodzi n'kuzima, amazimira m'maola amenewa. Moyo wa Kipchoge ndi wofunika kuusanthula chifukwa mmene amasungira maola akewo ndi nkhani yomwe atolankhani ambiri anakaiona ndi maso n'kuilemba.

Kipchoge anabadwa pa 5 Novembala 1984 ku Kapsisiywa, m'dera la Nandi, ndipo ndi chitsirizira m'banja la ana anayi. Analeredwa ndi mayi ake okha, omwe anali mphunzitsi. Ali mnyamata ankatolera mkaka kwa alimi n'kukaugulitsa kumsika panjinga. M'mudzi momwemo munkachokera Patrick Sang, yemwe anapata mendulo ya siliva pa mpikisano wa mamita 3,000 wolumpha zotchinga pa masewera a Olympics a ku Barcelona mu 1992. Mu 2001, ali ndi zaka 16, Kipchoge anapita kwa Sang kukapempha ndondomeko ya mmene angamakonzekerere. Anapatsidwa, anakaitsatira, n'kubwereranso kudzapempha ina. Awiriwa akhala limodzi zaka zoposa 20, chinthu chosowa kwambiri m'masewera, momwe katswiri akangogonja kawiri amayamba kuloza chala kochi.

Zipatso sizinachedwe. Mu Ogasiti 2003, pa mpikisano wa dziko lonse ku Paris, mnyamata wa zaka 18 uja anapambana mamita 5,000 patsogolo pa akamuna awiri omwe aliyense ankawaopa, Hicham El Guerrouj wa ku Morocco ndi Kenenisa Bekele wa ku Ethiopia.

Kuyambira chaka chomwecho wakhala akulemba m'kope chilichonse chomwe wachita pokonzekera: mtunda womwe wathamanga, nthawi yomwe watenga, mmene thupi limamvera, kutikita minofu komwe walandira, ngakhale nsapato zomwe wavala. Chaka chikatha amayamba kope lina, ndipo akale aja amawasunga. Chizolowezi chimenechi n'chotchipa kuposa china chilichonse m'masewera, koma ntchito yake ndi yaikulu. Maganizo a munthu wotopa amanama. Amamuuza kuti sabata yathayi sanalimbikire pomwe analimbikira, kapena kuti ululu wa m'ntchafu wayamba dzulo pomwe watha nawo masiku khumi. Kope limakumbutsa zomwe zinachitikadi. Katswiri akavulala, amatha kubwerera m'mbuyo n'kuona pomwe anaonjeza mtunda mopupuluma. Mantha akamugwira usiku woti mawa ndi mpikisano, amatsegula masambawo n'kuona miyezi inayi ya thukuta italembedwa ndi dzanja lake. Kipchoge mwini wakhala akunena kuti chidaliro chake pa mzere woyambira chimachokera pa kudziwa kuti ntchito anaigwira yonse.

Pambuyo pa Paris panabwera zaka zomwe anthu samazikamba kwambiri. Anapata mendulo ya buronzi pa Olympics ya ku Athens mu 2004 ndi ya siliva ku Beijing mu 2008, zonse pa mamita 5,000, koma golide wa pa mpikisano waukulu wa m'bwalo sanamugwirenso. Mu 2012 zinafika poipa: pa mpikisano wosankha oimira Kenya ku Olympics ya ku London anathera pa nambala 7, ndipo anatsala kumudzi. Anali ndi zaka 27. Othamanga ambiri akafika pamenepa amakakamira mtunda womwewo mpaka kutheratu, kapena amangopachika nsapato mokwiya. Iye ndi Sang anavomereza zomwe wotchi inkanena, zoti liwiro lothera la m'bwalo lachepa koma mphamvu yopirira ikadalipo, ndipo anasamukira kumsewu. Mu Epulo 2013 anathamanga marathon yake yoyamba ku Hamburg n'kupambana ndi nthawi ya 2:05:30. Pa mipikisano 17 ya marathon yomwe anachita kuyambira pamenepo mpaka 2022, anapambana 15, ndipo 10 mwa imeneyi inali yotsatizana. Kudziona mmene ulilidi, popanda kudzinyengerera kapena kudzinyoza, ndi luso lomwe linapulumutsa ntchito yake chaka chimenecho.

Kuti munthu amvetse zaka zopambanazo ayenera kupita ku Kaptagat, kufupi ndi mzinda wa Eldoret, pamalo okwera mamita pafupifupi 2,400 kuchokera pa nyanja yamchere. Kumeneko kuli kampu ya kampani ya Global Sports Communication, komwe Kipchoge wakhala akugona kuyambira Lolemba mpaka Loweruka pamodzi ndi othamanga ena pafupifupi 30. Mkazi wake Grace ndi ana awo atatu amakhala ku Eldoret, mtunda woti pagalimoto sufika ola limodzi, komabe iye amawaona kumapeto a sabata basi. Pakampupo nyumba zake n'zosadzionetsera. Ntchito zapakhomo amagawana mosinthana, ndipo dzina la munthu yemwe ali ndi mendulo ziwiri za golide za Olympics limapezeka pa mndandanda wa osesa ndi otsuka zimbudzi mofanana ndi la mnyamata yemwe wangofika kumene.

Amadzuka 6 koloko isanakwane, kunja kukadali chisisira ndi kachisanu ka kumapiri. Gulu lonse limatuluka pachipata n'kulowa m'misewu ya dothi lofiira yodutsa m'mbali mwa nkhalango ndi m'minda. Akabwerako amasamba, amamwa tiyi wamkaka wotsekemera ndi buledi, kenako amapuma. Masana amagonako, ndipo cha m'ma 4 koloko amatulukanso kukathamanga makilomita 10 mwapang'onopang'ono. Chakudya chamadzulo ndi ugali, yomwe ndi nsima ya chimanga yolimbirapo kuposa yathu, ndi ndiwo zamasamba, nyemba kapena nyama, ndipo ikamakwana 9 koloko magetsi azima. Sabata nayo ili ndi kalondolondo wake. Lachiwiri ndi tsiku la liwiro m'bwalo. Lachinayi ndi la mtunda wautali, makilomita 30 sabata ino, 40 sabata inayo. Loweruka amathamanga mosinthasintha, mphindi zingapo mwachangu, mphindi imodzi mopepuka, mobwerezabwereza. Zonse pamodzi zimafika makilomita 200 kapena kuposerapo pa sabata.

N'chifukwa chiyani munthu wolemera, woti angathe kumanga bwalo lakelake kuseri kwa nyumba yake, amasankha moyo wa ngati wa kusukulu yogonera komweko? Apa ndiye pagona nkhani. Anthu ambiri amaganiza kuti kudzigwira ndi nkhondo yomwe munthu amamenya ndi mtima wake m'mawa uliwonse, bulangete likumukoka kwina, nsapato zikumukoka kwina. Womenya nkhondo yotere tsiku lililonse amatopa nayo, ndipo tsiku lina amagonja. Kipchoge anaimenya kamodzi, pomwe anasankha malo okhala. Pakampu palibe achibale obwera ndi madandaulo pakati pa sabata, palibe oitanira ku maphwando, ndipo anthu 30 akamamanga zingwe za nsapato pabwalo, funso loti lero ndidzuke kapena ayi silibwera n'komwe. Iye amakonda kunena kuti munthu wodzigwira ndiye mfulu, pomwe wosadzigwira ndi kapolo wa zilakolako zake. Koma ufulu umenewu anachita kuumangira mpanda, ndipo katswiri wachinyamata yemwe akufuna kutengerapo phunziro ayambe wayang'ana kaye malo omwe amagona ndi anthu omwe amacheza nawo dzuwa likalowa.

Chomwe chimadabwitsa alendo ambiri ofika ku Kaptagat ndi kuchedwa kwa othamangawa pa masiku opepuka. Munthu woti pa mpikisano amamaliza kilomita imodzi mphindi zitatu zisanakwane, madzulo amangoyenda kathamangidwe ka mphindi 4 kapena 5 pa kilomita, akucheza ndi anzake. Ngakhale pa masiku olemetsa, Sang safuna kuti anyamata ake azithera mphamvu zonse pokonzekera, ndipo Kipchoge wanenapo kangapo kuti kawirikawiri sapyola 80 peresenti ya mphamvu zake. Wasayansi wa zamasewera Stephen Seiler, yemwe amagwira ntchito ku Norway, atafufuza mmene akatswiri a masewera ofuna kupirira amakonzekerera, monga othamanga, opalasa bwato ndi opalasa njinga, anapeza kuti pafupifupi magawo 8 mwa 10 a zokonzekera zawo amakhala opepuka. Chifukwa chake n'chodziwika. Kulimbitsa thupi kumang'amba timinofu ndi kutha mphamvu zosungidwa, ndipo thupi limadzimanganso molimba kuposa kale panthawi yopuma. Wothamanga mwamphamvu tsiku lililonse amakhala akugumula khoma lomwe silinaume.

Apa ndi pomwe achinyamata ambiri amalephera, ndipo salephera chifukwa cha ulesi. Amalephera chifukwa cha changu. Mnzawo akawapitirira pa tsiku lopepuka, magazi amawira, n'kusandutsa zokonzekera kukhala mpikisano. Pofika tsiku lenileni miyendo imakhala italemera kale. Kulola mnzako akupitirire Lachitatu pofuna kudzamugonjetsa mwezi wamawa kumafuna kudziletsa kwakukulu kuposa kudzuka m'mamawa. Chimodzimodzinso ndi kuchuluka kwa mipikisano. Pa zaka zake zabwino kwambiri, mizinda yonse ikuluikulu ikumuitana ndi ndalama zochuluka, Kipchoge ankathamanga marathon ziwiri zokha pachaka, ina cha mu Epulo, ina cha mu Seputembala, ndipo iliyonse ikatha ankapuma masabata angapo.

Tulo nato n'timodzi mwa zokonzekera. Mu 2011 Cheri Mah ndi anzake a pa yunivesite ya Stanford ku America anasindikiza zotsatira za kafukufuku yemwe anachita pa osewera basketball 11 a pasukulupo. Anawapempha kuti azikhala pabedi maola 10 usiku uliwonse kwa masabata 5 mpaka 7. Pamapeto pake anyamatawo ankathamanga mwachangu kuposa kale, ndipo kulondola kwawo poponya mpira m'nkhata kunakwera ndi 9 peresenti. Anthu 11 ndi ochepa, koma zomwe anapezazo zikugwirizana ndi zomwe madokotala akudziwa, zoti minofu imadzikonza kwambiri munthu ali m'tulo tofa nato. Kipchoge, kuphatikiza usiku ndi masana, amagona maola 9 kapena 10. Masiku ano mdani wamkulu wa tulo ta katswiri ndi foni yomwe amalowa nayo m'bulangete.

Kuti kufunika kwa mpanda uja kuoneke bwino, tiyenera kukumbukira mnyamata wina yemwe akatswiri ambiri amati anali ndi luso losaneneka. Samuel Wanjiru anachoka ku Kenya ali ndi zaka 15 kupita ku Japan, komwe anaphunzira pa sukulu ya Sendai Ikuei, kenako n'kumathamangira timu ya kampani ya Toyota Kyushu. Kumeneko nthawi yodzuka, yodya ndi yogona inali m'manja mwa sukulu ndi kampani. Anaphwanya rekodi ya dziko lonse ya theka la marathon katatu. Mu Ogasiti 2008, kunja kukutentha koopsa ku Beijing, anathamanga 2:06:32 ali ndi zaka 21, n'kukhala munthu woyamba wa ku Kenya kupata golide wa marathon pa Olympics. Mu 2009 anapambana ku London ndi ku Chicago, ndipo mu 2010 anapambananso ku Chicago atalimbana koopsa ndi Tsegaye Kebede mpaka m'makilomita omaliza.

Koma panthawiyi anali atachoka ku Japan n'kubwerera kwawo, ali ndi chuma chomwe mnyamata wa msinkhu wake sanakonzekere. Nyuzipepala zinayamba kulemba za mowa, za magulu a anzake omutsatira kulikonse, za mikangano ya m'banja ndi milandu ya kukhoti. Pa 15 Meyi 2011 anagwa kuchokera pakhonde la m'mwamba la nyumba yake ku Nyahururu n'kumwalira, ali ndi zaka 24. Nkhani ya Wanjiru siyofunika kuikamba monyoza. Anali mwana wochokera m'banja losauka yemwe anaphunzitsidwa kuthamanga mwaukatswiri, koma malamulo omwe ankamusunga anali a eni sukulu ndi eni kampani, ndipo atawasiya analibe ake oti alowe m'malo. Makochi ndi mabungwe a masewera omwe amaphunzitsa ana kugoletsa ndi kuthamanga, osawaphunzitsa kusunga ndalama, kukana anzawo ndi kupempha thandizo zinthu zikavuta, amawasiya pa theka la ulendo.

Pali mbali ina ya kudzisamala yomwe ilibe chikoka koma yagwetsa akuluakulu. Malamulo a bungwe la World Anti-Doping Agency amati katswiri ali ndi udindo pa chilichonse chopezeka m'thupi mwake. Kaya anamwa mankhwala a chimfine osadziwa zomwe zili m'kati, kaya anapatsidwa jakisoni ndi dokotala yemwe sanamufunse, mlandu umayambira pa iye. Akatswiri a pamwamba amayeneranso kulembetsa komwe adzakhale tsiku lililonse, n'kupereka ola limodzi lomwe oyeza magazi ndi mkodzo angawapeze mosalephera. Kuphonya katatu m'miyezi 12 ndi mlandu, ngakhale m'thupi musapezeke kanthu. Wilson Kipsang, yemwe anagonjetsa Kipchoge ku Berlin mu 2013 n'kuika rekodi ya 2:03:23, analetsedwa kupikisana kwa zaka zinayi mu 2020 chifukwa chophonya koteroko komanso kupereka umboni wabodza pofuna kudziteteza. Christian Coleman wa ku America, yemwe anali katswiri wa dziko lonse pa mamita 100, sanapite ku Olympics ya ku Tokyo pa chifukwa cha kuphonya komweku. Kusunga kalendala, kuwerenga chikalata cha m'botolo la mankhwala ndi kufunsa dokotala wa timu usanameze kanthu ndi ntchito ya katswiri mofanana ndi kuthamanga.

Kuvulala ndi mayeso a mtundu wina, ndipo chitsanzo chabwino chili kwathu konkuno. Mwawi Kumwenda, mponyi wa ntchemberembaye wochokera ku Mzimba, yemwe anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015, anaduka mtsempha wa m'kati mwa bondo mu 2018 akusewerera timu ya Melbourne Vixens ku Australia. Mtsempha umenewu ndi womwe umagwira bondo munthu akamatera kuchokera m'mwamba kapena kutembenuka mwadzidzidzi, zomwe mponyi amachita kambirimbiri pa masewero amodzi. Ukaduka pamafunika opaleshoni, kenako miyezi 9 mpaka 12 yophunzitsanso mwendo: kuuwongola, kuupinda, kuimira mwendo umodzi, kunyamula zitsulo, kudumpha pang'ono, kenako kutembenuka. Zambiri mwa izi munthu amachita yekha, anzake ali m'bwalo, ndipo wofulumira kubwerera amadulanso mtsempha womwewo. Mwawi anachita zonsezi ali kutali ndi abale ake. Anabwerera m'bwalo mu 2019, ndipo mu Okutobala 2020 Vixens inagonjetsa West Coast Fever ndi zigoli 66 kwa 64 pa ndime yomaliza ya ligi ya Super Netball, iye n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa masewerowo.

Tsiku la mpikisano likafika, kudzisamala kumasanduka tinthu ting'onoting'ono. Ku Berlin pa 16 Seputembala 2018, othamanga omwe analembedwa ntchito yotsogolera Kipchoge ndi kumutchingira mphepo anatopa msanga, ndipo womaliza anapatuka pa kilomita ya 25. Kipchoge anatsala yekha ndi makilomita 17. Pa makilomita asanu aliwonse ankamudikira bambo wina wa ku Germany, Claus-Henning Schulke, atanyamula botolo la chakumwa chopatsa mphamvu. Ankalipereka m'dzanja la Kipchoge liwiro lili lomwelo, n'kudumphira panjinga kuthamangira pa malo otsatira. Kumwa uku ukuthamanga makilomita oposa 20 pa ola n'kovuta, ndipo mimba yosazolowera imakana. N'chifukwa chake amayeserera kumwa pa mitunda italiitali ya Lachinayi ija. Tsikulo anamaliza mu 2:01:39, kudula masekondi 78 pa rekodi ya Kimetto.

Oonerera anazindikiranso kuti ululu ukafika pachimake, cha m'makilomita omaliza, nkhope ya Kipchoge imamwetulira. Iye anafotokoza kuti amachita dala pofuna kumasula thupi. Ofufuza a pa yunivesite ya Ulster, motsogozedwa ndi Noel Brick, anayesa zimenezi pa othamanga 24 ndipo anapeza kuti akamamwetulira ankagwiritsa ntchito mpweya wocheperako, ndi 2 mpaka 3 peresenti, poyerekeza ndi pomwe akwinya nkhope. Munthu wokwinya nkhope amaumitsanso nsagwada, khosi ndi mapewa, ndipo minofu youma imadya mphamvu pachabe.

Tisanamusandutse Kipchoge woyera mtima wa masewera, m'pofunika kunena zomwe kudzigwira pakokha sikungagule. Anabadwira ndi kukulira kumapiri komwe mpweya ndi wochepa, ndipo thupi lozolowera kumeneko limanyamula mpweya bwino likatsikira kuchigwa. Anabadwa ndi luso lomwe anthu ochepa kwambiri ali nalo. Ali ndi kochi, womuyendetsera za mipikisano Valentijn Trouw, wotikita minofu Peter Nduhiu, ndi kampani ya Nike yomwe nsapato zake zatsopano zokhala ndi kapuleti kopepuka ka kaboni zinathandiza othamanga ambiri kudula nthawi kuyambira cha mu 2016. Pa 12 Okutobala 2019 ku Vienna, pomwe anathamanga mtunda wa marathon mu 1:59:40, kutanthauza mamita 100 pa masekondi 17 aliwonse mobwereza ka 422, ankasinthana omutsogolera 41, kutsogolo kuli galimoto younikira liwiro pamsewu. N'chifukwa chake nthawiyo sinavomerezedwe ngati rekodi. Iye sabisa zimenezi, ndipo nthawi zonse amayamika gulu lake. Mutu umodzi susenza denga, koma kusankha anthu osenza nawo, kuwamvera ndi kukhala nawo zaka zambiri ndi udindo womwe palibe angamuchitire katswiri.

Ndipo ngakhale munthu wosunga mwambo chotere amagonja. Mu Okutobala 2020 ku London, kukugwa mvula ndi kuzizira, khutu lake lakumanja linatsekeka ndipo anathera pa nambala 8. Ambiri anati watha. Anabwerera ku Kaptagat, sanasinthe kochi kapena ndondomeko, ndipo mu Ogasiti 2021 anatenga golide wake wachiwiri wa Olympics ku Sapporo, kuwonjezera pa wa ku Rio de Janeiro wa 2016. Mu Seputembala 2022, ali ndi zaka 37, anatsitsanso rekodi yake ku Berlin kufika pa 2:01:09. Mu Epulo 2023 zitunda za ku Boston zinamukanika ndipo anathera pa nambala 6, koma miyezi isanu pambuyo pake anapambana ku Berlin kachisanu.

Chaka cha 2024 chinabwera ndi mayeso omwe kope ndi mpanda sizikanatha kutchinga. Kelvin Kiptum, mnyamata wa zaka 24 yemwe analanda rekodi ya Kipchoge pothamanga 2:00:35 ku Chicago mu Okutobala 2023, anamwalira pa ngozi ya galimoto pa 11 Febuluwale pamodzi ndi kochi wake Gervais Hakizimana. Anthu ena pa masamba a mchezo a pa intaneti anayamba kufalitsa bodza loti Kipchoge akukhudzidwa ndi imfayo, mpaka kuopseza banja lake. Iye anauza wailesi ya BBC, misozi ili m'maso, kuti ankaopera ana ake popita kusukulu, komanso kuti atafika ku Tokyo kukapikisana mu Malichi anakhala masiku atatu osapeza tulo. Anathera pa nambala 10. Thupi linali lokonzeka monga mwa nthawi zonse, koma mutu unali utasokonezeka, ndipo marathon sibisa zimenezo. Katswiri wa masiku ano ayenera kudziwanso nthawi yoika foni pansi ndi nthawi youza anthu ake kuti zamukulira.

Mu Ogasiti chaka chomwecho, pa Olympics ya ku Paris, mumzinda womwe anapatira golide wake wa mamita 5,000 zaka 21 m'mbuyomo, ululu wa m'chiuno unamugwira pa zitunda za njira yopita ku Versailles. Anatsalira, anayamba kuyenda, ndipo atadutsa pang'ono kilomita ya 30 anapatuka, koyamba pa moyo wake kusiya marathon osamaliza. Munthu yemwe mu 2015 anakana kuima mapazi akutuluka magazi, panoyo anaona kuti ululu uwu ndi wa mtundu wina, woti kuukakamira kungaononge thupi. Matuza amapola m'masabata awiri, pomwe chiuno chikaonongeka chimatha kumuchotsa munthu m'masewera mpaka kalekale, ndipo zaka 21 zolemba mmene thupi likumvera zinamuphunzitsa kusiyanitsa ziwirizi. Anavula nsapato ndi malaya ake n'kupatsa anthu omwe ankamuchemerera m'mbali mwa msewu. Mu Epulo 2025, ali ndi zaka 40, anaimanso pa mzere woyambira ku London, ndipo anamaliza pa nambala 6 ndi nthawi ya 2:05:25, masekondi asanu mwachangu kuposa yomwe anathamanga ku Hamburg ali ndi zaka 28.